Masamba a Kanjedza Wokongoletsera Akamachita Chikasu Mobwerezabwereza: Kupeza Gwero la Vuto ndi Kulithetsa

Vuto limene anthu osunga mitengo ya kanjedza yokongoletsera amakumana nalo kawirikawiri ndi la masamba amene amachita chikasu, kuuma kunsonga, kenaka n'kufa, ndipo chimene chimatopetsa kwambiri n'chakuti vutoli limabwerera. Munthu amadula tsamba lodwalalo, mtengo n'kuoneka bwino kwa milungu ingapo, koma posakhalitsa tsamba lotsatira limayamba kusintha mtundu mofanana ndi loyamba lija. Akawonjezera madzi zinthu zimaipiraipira, ndipo akathira feteleza nsonga za masamba zimapsa. Zimenezi zimachitikira mitengo ya m'miphika ya m'nyumba monganso yobzalidwa pabwalo, ndipo kawirikawiri gwero lake limakhala lakuti chithandizo chimaperekedwa munthu asanafufuze zinthu ziwiri: ngati tsamba lodwalalo ndi lakale kapena latsopano, ndiponso mmene mizu ilili.

Kanjedza sakula monga mmene imakulira mitengo ya nthambi. Tsinde lake lililonse lili ndi malo amodzi okha ophukirapo masamba, obisika pamwamba penipeni pakati pa masamba aang'ono, ndipo malo amenewa ndiwo mtima wa mtengowo. Tsamba latsopano limatuluka pamenepo lili lopindika ndi losongoka ngati mkondo, n'kumatambasuka pang'onopang'ono, pamene masamba akale amatsikira m'munsi mpaka kufa. Mtimawo ukaonongeka ndiye kuti tsindelo lafa, chifukwa silingaphukire pambali, ndipo mitundu yokhayo imene imamera matsinde ambiri pamalo amodzi ndi imene imapulumuka tsinde limodzi likafa. Chinanso n'chakuti thunthu la kanjedza silipola bala. Pamene panakhomedwa msomali kapena pamene panadutsa chikwanje pamakhalabe potseguka moyo wonse wa mtengowo, ndipo matenda amalowera pomwepo. Koma mfundo imene muyenera kuigwiritsa musanachite china chilichonse ndi iyi: tsamba limene lachita kale chikasu kapena kuuma nthawi zambiri silibwereranso mwakale ngakhale mutapereka chithandizo choyenera, choncho umboni wakuti mtengo ukuchira uli pa masamba atsopano. Popeza mitundu yambiri ya m'nyumba imatulutsa masamba ochepa pachaka, umboniwo umatenga miyezi kuti uoneke. Anthu ambiri amasiya njira yabwino pakatha milungu iwiri poganiza kuti yalephera, n'kuyamba ina imene imaononga mtengo.

Ndi bwinonso kudziwa mtundu wa kanjedza amene muli naye, chifukwa zina zimene zimaoneka ngati matenda ndi chibadwa chabe. Dypsis lutescens, wochokera ku Madagascar, amene amagulitsidwa kwambiri ndi dzina lakuti areca, ali ndi mapesi a masamba achikasu mwachibadwa, makamaka akakhala pamalo owala, ndipo palibe feteleza amene angasinthe zimenezo. Ravenea rivularis, wochokeranso ku Madagascar, amamera m'mphepete mwa mitsinje ndipo amafuna madzi ndi kuwala kochuluka, n'chifukwa chake amavuta kwambiri kumusunga m'chipinda chamdima. Chamaedorea elegans amamera pansi pa mitengo ikuluikulu m'nkhalango za ku Mexico ndi Guatemala, kotero dzuwa la masana limamuwaula masamba, pamene Howea forsteriana wa pachilumba cha Lord Howe amapirira mthunzi koma amakula mochedwa kwambiri. Kuwonjezera apo, kanjedza aliyense amataya masamba ake akale. Tsamba limene likufa ndi ukalamba limakhala lapansi penipeni, limachoka pa kubiriwira kufika pa kuuma m'masiku ochepa, ndipo limasintha mtundu lonse pamodzi. Tsamba limene limakhala milungu kapena miyezi lili ndi mawanga, losafa komanso losachira, ndilo likusonyeza kuti china chake chalakwika.

Mizu ndi madzi

Ngati kanjedza ali mumphika, yambirani kufufuza pansi. Mitengo yambiri ya m'miphika imene masamba ake amachita chikasu imakhala itavutika ndi madzi ochuluka, osati kusowa kwa madzi, ndipo chimene chimasokoneza n'chakuti zizindikiro za mavuto awiriwa zimafanana. Mizu imafuna mpweya. Dothi likakhala lonyowa masiku ambiri, timipata timene mumakhala mpweya timadzaza madzi, mizu ing'onoing'ono imene imayamwa madzi ndi chakudya imabanika n'kuwola, ndipo mtengo umayamba kufota uli m'dothi lonyowa. Mwini wake akaona kufotako amathiriranso, n'kumaliza mizu imene inatsala. Choncho musathirire potsata masiku a pakalendala, chifukwa mphika umene umauma m'masiku 4 nyengo yotentha ukhoza kukhala wonyowa milungu iwiri nyengo yozizira. Pisani chala m'dothi kulowa masentimita 3 mpaka 5, ndipo ngati pansipo pali chinyezi, dikirani. Kunyamula mphika kumathandizanso, pakuti mukazolowera kulemera kwake ukangothiriridwa kumene, mudzazindikira msanga ukapepuka.

Ngati dothi silikuuma ngakhale papita masiku ambiri osathirira, kapena ngati likutulutsa fungo lowawasa, muyenera kuona mizu ndi maso. Pendeketsani mphika, gwirani mtengo m'munsi mwa tsinde, n'kuusolola pamodzi ndi dothi lake lonse. Mizu yamoyo imakhala yolimba, yoyera kapena yofiirira pang'ono. Yowola imakhala yakuda ndi yofewa, ndipo mukaikoka khungu lake limavuuka n'kutsala kaulusi kam'kati. Dulani yowola yokhayo ndi sizasi yoyera bwino, chotsani dothi lonyowa limene likuyoyoka lokha, koma musafwanyule mizu yamoyo, chifukwa kanjedza amachedwa kuchira mizu yake ikasokonezedwa. Bzalaninso m'dothi latsopano lotaya madzi msanga, losakaniza manyowa owolerana bwino, mchenga wa miyala ikuluikulu kapena perlite (timiyala toyera topepuka tosakanizira dothi la m'miphika), ndi makungwa a mitengo ophwanyidwa. Mchenga wosalala kwambiri sukuthandizani, chifukwa umatseka timipata tomwe mukufuna kuti titseguke. Mphika watsopano usakule kuposa wakale ndi masentimita oposa 5 m'mimba mwake, ndipo ngati mizu yambiri yadulidwa, ndi bwino kubwerera mumphika womwewo mutautsuka, kapena kupita ku wocheperapo. Mphika waukulu umasunga dothi lambiri lonyowa limene mizu yochepayo singalimwe madzi, ndipo kuwola kumayambiranso. Musathire feteleza kwa milungu 4 mpaka 6 mutabzalanso, pakuti mizu yovulala imapsa naye.

Anthu ambiri amaika miyala pansi pa mphika pofuna kuti madzi azitsika bwino, koma zimenezi sizithandiza. Madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala, m'malo mwake amadikha pamwamba pa miyalayo, kotero gawo lonyowa kwambiri limangokwera kuyandikira mizu. Chofunika ndi mabowo otseguka pansi pa mphika ndiponso kutaya madzi a m'mbale ya pansi pakatha theka la ola mutathirira. Mphika wokongola wopanda bowo ugwiritsidwe ntchito ngati chovekera kunja kokha, mtengo uli mumphika wina wa mabowo m'kati mwake, ndipo muziutulutsa pothirira.

Kuuma kopitirira muyeso kumakhalanso ndi msampha wake. Dothi la manyowa ambiri likauma gwa limanyala n'kusiya mpata m'mbali mwa mphika, ndipo madzi amene mumathira amangodutsa mumpatamo n'kutulukira pansi, pakati pali pouma. Zikatero mizani mphika wonse m'beseni la madzi kwa mphindi 20 mpaka 30, kenaka muusiye ukhe.

Kwa kanjedza wa pabwalo, chimene chimabanikitsa mizu kawirikawiri ndi kubzala mozama. Mizu yatsopano ya kanjedza imatuluka m'munsi mwenimweni mwa thunthu moyo wake wonse, ndipo gawo limenelo likakwiriridwa ndi dothi lochuluka, mtengo umayamba kufooka pang'onopang'ono, nthawi zina patapita zaka, mwakuti mwini wake sakumbukiranso kuti vuto linayambira pa tsiku lobzala. Fukulani pang'ono m'mbali mwa thunthu kuti muone pamene mizu ikuyambira. Ngati pali pakuya, chotsani dothi lowonjezeralo mosamala, ndipo onetsetsani kuti madzi a mvula kapena othirira kapinga sakudikha pamenepo kapena kumenya thunthu tsiku ndi tsiku.

Vuto likakhala pa masamba akale

Mizu ikapezeka kuti ili bwino, onani kuti chikasu chili pa masamba ati. Zakudya zina za m'nthaka, monga potaziyamu, magineziyamu ndi nayitrojeni, mtengo umatha kuzisamutsa kuchokera m'masamba akale kupita nazo kumtima, choncho zikaperewera masamba a m'munsi ndiwo amayamba kudwala. Zina, monga manganizi, ayironi ndi boroni, sizisamuka, kotero kuperewera kwake kumaonekera pa masamba amene akutuluka kumene. Kusiyana kumeneku ndiko kumakuuzani chimene muyenera kuthira.

Kuperewera kwa potaziyamu ndiko kumachititsa kwambiri kuti chikasu chizibwererabwerera pa mitengo ya pabwalo, makamaka m'nthaka ya mchenga mmene mvula imakokolola chakudyachi mosavuta. Chizindikiro chake ndi timadontho tachikasu kapena tofiirira pa timasamba ta tsamba lakale, timene timaonekera kuwala mukayang'anitsa tsambalo molozetsa kudzuwa. Pambuyo pake nsonga ndi m'mphepete mwa timasambato mumauma, kuyambira kumapeto kwa tsamba kubwera m'munsi, pamene msana wa tsambalo ukadali wamoyo. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo ndikufuna mfundoyi imveke bwino. Tsamba looneka loipalo ndi nkhokwe imene mtengo ukutapamo potaziyamu wodyetsera masamba atsopano. Mukalidula, mtengo susiya kufuna chakudyacho, umangoyamba kutapa m'tsamba lotsatira limene linali lobiriwira, ndipo pakapita milungu ingapo nalonso limachita madontho. Mukapitiriza kudula, masamba amacheperachepera, atsopano amatuluka aafupi ndi otumbuluka, thunthu limaonda kumtunda, ndipo mapeto ake mtengo umafa. Munthu amaganiza kuti akulimbana ndi matenda amene akukwera mumtengo, chonsecho sizasi yake ndi imene ikuwakweza. Tsamba lotere lisiyeni mpaka liume lonse, ngakhale likhale losasangalatsa m'maso.

Chithandizo chake ndi feteleza wa potaziyamu wosungunuka pang'onopang'ono, wothiridwa pamodzi ndi magineziyamu, chifukwa zakudya ziwirizi zimapikisana polowa m'mizu ndipo kuchulutsa chimodzi kumachititsa kuti chinzake chiperewere. Akatswiri a pa University of Florida ku America, amene afufuza kwambiri za kadyedwe ka mitengo imeneyi m'nthaka ya mchenga, amalimbikitsa feteleza wa manambala 8-2-12 (kutanthauza magawo 8 a nayitrojeni, 2 a fosifolasi ndi 12 a potaziyamu) wokhalanso ndi magawo 4 a magineziyamu, wothiridwa miyezi itatu iliyonse, pafupifupi magalamu 700 pa malo a masikweya mita 10. Muyeso umenewu unakonzedwera nthaka ya kumeneko, choncho m'nthaka ya makande kapena yachonde mukhoza kufuna wocheperapo, koma mfundo yake imagwira ntchito kulikonse: potaziyamu asachepe poyerekeza ndi nayitrojeni. Fetelezayo amwazidwe mofanana pansi ponse pamene masamba afika, osati kuunjikidwa patsinde. Samalaninso ndi feteleza wa kapinga, amene amakhala ndi nayitrojeni wambiri. Mizu ya kanjedza wamkulu imayenda kutali pansi pa kapingayo, ndipo nayitrojeni wochuluka amafulumizitsa kukula kwa mtengo pamene potaziyamu sakukwanira, kotero kuperewerako kumakula. Akatswiri omwewo amalangiza kuti feteleza wotere asathiridwe pamtunda wosakwana mamita 15 kuchokera pamtengo. Mtengo waukulu umene wavutika nthawi yaitali umafuna chaka chimodzi kapena kuposerapo kuti usinthe masamba ake onse, ndipo nthawi yonseyo masamba akale adzaonekabe oipa.

Kuperewera kwa magineziyamu kumaoneka mosiyana. Tsamba lakale limakhala ndi mzere waukulu wachikasu chowala m'mphepete monse, pakati pake pali pobiriwira, ndipo nthawi zambiri sipakhala kuuma. Vutoli limakonda kugwira kanjedza wa mtundu wa Phoenix canariensis, ndipo limaipitsa maonekedwe koma silipha mtengo kawirikawiri. Mchere wa Epsom umene anthu amalangizana kuthira pa chikasu chilichonse uli ndi magineziyamu koma ulibe potaziyamu, choncho umathandiza pa vuto limeneli lokha. Ukathiridwa pa mtengo umene ukusowa potaziyamu umakulitsa vutolo, n'chifukwa chake sindilimbikitsa kuugwiritsa ntchito musanatsimikize chimene chikuperewera.

Nayitrojeni akachepa, mtengo wonse umatumbuluka mofanana, kuyambira masamba akale, popanda madontho kapena mizere, ndipo kukula kumachedwa. Zimenezi zimachitika kwambiri m'miphika, ndipo ndi vuto losavuta kulithetsa, pakuti feteleza wa zomera za m'miphika wa muyeso wa 3-1-2 (nayitrojeni, fosifolasi, potaziyamu), wothiridwa pang'onopang'ono m'nyengo imene mtengo ukukula, amabwezeretsa kubiriwira ngakhale pa masamba amene alipo kale.

Vuto likakhala pa masamba atsopano

Chikasu cha pa masamba atsopano chimafuna kuchitapo kanthu mwamsanga chifukwa chili pafupi ndi mtima. Manganizi akaperewera, tsamba limatuluka lotumbuluka, la timizere touma, ndipo zikafika poipa limatuluka lalifupi, lopotana ndi lowauka, mpaka mtengo umangotulutsa timapesi topanda timasamba n'kufa. Vutoli limapezeka kwambiri m'nthaka ya laimu wambiri, imene pH yake (muyeso wosonyeza ngati nthaka ili yowawasa kapena ya laimu) yapitirira 6.5, monga pafupi ndi maziko a nyumba pamene panatayidwa zotsalira za simenti, chifukwa manganizi amakhalamo koma mizu singawatenge. Syagrus romanzoffiana, Roystonea regia ndi Phoenix roebelenii ndi ena mwa mitundu imene imagwidwa msanga. Mankhwala ake ndi manganese sulphate wothiridwa m'nthaka, ndipo pogula werengani bwino chikalata cha papaketi, chifukwa ambiri amabwera ndi magnesium sulphate (mchere wa Epsom uja) amene sangathandize chilichonse pa vutoli.

Ayironi akaperewera, tsamba latsopano limakhala lachikasu kapena loyererako, nthawi zina mitsempha yake ili yobiriwira. Kawirikawiri ayironi amakhala alimo m'dothi, koma mizu yobanika ndi madzi kapena yokwiriridwa mozama imalephera kumutenga, choncho kuthira mankhwala a ayironi popanda kukonza za mizu kumangobisa vutolo kwa kanthawi. Boroni akachepa, masamba atsopano amakana kutambasuka, kapena timasamba take timatuluka topindikapindika kunsonga. Pothira boroni pamafunika kusamala kwambiri, pakuti muyeso wothandiza ndi wowononga zili pafupi, ndipo ndi bwino kudalira feteleza wa kanjedza amene ali kale ndi boroni pang'ono kusiyana ndi kusakaniza nokha.

Pali vuto lina limene silisankha msinkhu wa tsamba, lomwe ndi kuuma kwa nsonga zokha za timasamba pa mitengo ya m'nyumba. Nthawi zambiri gwero lake ndi mchere wa feteleza ndi wa m'madzi umene umaunjikana m'dothi, ndipo umaonekera ngati zoyera zouma pamwamba pa dothi kapena pamilomo ya mphika. Tulutsani mphika panja kapena muuike mosambira, n'kuthira madzi ochuluka katatu kuposa kukula kwa mphikawo, pang'onopang'ono, kuti atsuke mcherewo n'kutulukira pansi, ndipo chitani zimenezi miyezi ingapo iliyonse. Mitundu ina imapsanso ndi fuloraidi wa m'madzi a kumpopi. Kusiya madzi usiku wonse m'chidebe kumachepetsa kulorini koma sikuchotsa fuloraidi, choncho madzi a mvula ndiwo abwino ngati alipo. Mpweya wouma wochokera ku makina oziziritsira kapena otenthetsera m'chipinda umaumitsanso nsonga, ndipo kusuntha mphika kuuchotsa pamene mphepoyo imawomba kumathandiza kuposa kuwaza madzi pamasamba, amene amauma m'mphindi zochepa. Nsonga zoumazo mukhoza kuzidula, koma siyani kamzere kouma m'mphepete kuti musacheke pamoyo. Mawanga aakulu oyera kapena owauka amene amatuluka masiku ochepa mtengo utachotsedwa mumthunzi n'kuikidwa padzuwa ndi kupsa chabe, ndipo njira yopewera ndi kuuzoloweza dzuwa pang'onopang'ono kwa milungu iwiri kapena itatu. Kuzizira nakonso kumadetsa masamba a mitundu yambiri ya kumalo otentha kutentha kukatsika pansi pa madigiri 10.

Tizilombo

Ngati masamba akuoneka otuwa, okhala ndi timadontho tambirimbiri tating'ono, yang'anani kunsi kwake. Akangaude ofiira, amene kukula kwawo sikupitirira theka la milimita, amayamwa madzi a m'tsamba ndipo amaswana mofulumira pamalo otentha ndi ouma, n'chifukwa chake amavutitsa kwambiri areca ndi Chamaedorea wa m'nyumba. Ikani pepala loyera pansi pa tsamba n'kuligwedeza, ndipo mukaona timadontho tikuyenda papepalapo ndiye kuti ndi iwowo. Mukayamba kuona ulusi pakati pa timasamba, dziwani kuti achuluka kale. Tsukani mtengo wonse ndi madzi othamanga, makamaka kunsi kwa masamba, kenaka upopereni sopo wophera tizilombo ta zomera kapena mafuta a nimu. Chimene chimachititsa kuti akangaudewa azibwerera n'chakuti mankhwalawa sapha mazira onse, ndipo m'nyengo yotentha dzira limafika pokhala kangaude woikira mazira pasanathe milungu iwiri. Choncho kupopera kamodzi sikukwanira, bwerezani masiku 5 mpaka 7 alionse, katatu kapena kanayi, ngakhale mtengo ukuoneka woyera. Yesani kaye mankhwalawo pa tsamba limodzi, ndipo musapopere dzuwa likuswa mtengo. Mankhwala ambiri ophera tizilombo touluka sapha akangaude amenewa koma amapha adani awo, kotero akhoza kuwachulukitsa.

Kodikodi amabisala m'makwinya pamene tsamba lalumikizana ndi tsinde, atakutidwa ndi zoyera zonga thonje, pamene tizilombo ta chigoba timamatirira pa mapesi n'kumaoneka ngati timatuza tofiirira tosayenda. Zonse ziwirizi zimatulutsa madzi omata amene amakopa nyerere ndi kumeretsa chuku chakuda pamasamba, choncho mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika mumtengo, fufuzani kumene zikupita. Pukutani tizilomboto ndi thonje loviika mu spiriti, bwerezani mlungu uliwonse, ndipo thanani ndi nyererezo, chifukwa zimateteza tizilomboto kwa adani ake ndi kutisamutsira pa masamba ena. Mtengo wogulidwa kumene uzikhala paokha milungu ingapo usanaikidwe pafupi ndi inzake.

Zimene sizichiritsika

Pali matenda ena amene kuwazindikira msanga kumathandiza kupulumutsa mitengo yoyandikana, osati wodwalawo. Gwirani tsamba lapakati losatambasuka lija n'kulikoka pang'ono. Likazuka mosavuta, lili lowola m'munsi ndiponso lonunkha, ndiye kuti mtima wawola, kawirikawiri chifukwa cha kachilombo konga chuku kotchedwa Phytophthora palmivora kamene kamafala nthawi ya mvula yambiri, kapena chifukwa cha tizilombo timene timalowa mtimawo utavulala ndi kuzizira. Mankhwala a kopa othiridwa mumtima amathandiza nthawi zina ngati kuwolako kwangoyamba, makamaka kumene kwabwera ndi chisanu, ndipo ndi bwino kudikira miyezi ingapo kuti muone ngati tsamba lina lituluke. Likapanda kutuluka, tsindelo lafa ngakhale masamba akale akhalebe obiriwira kwa nthawi ndithu. Pofuna kupewa, musazolowere kuthira madzi pamwamba pa mtengo, pakati pa masamba.

Pa Phoenix canariensis, tsamba limene timasamba take tauma mbali imodzi yokha pamene mbali inayo ili yobiriwira, ndipo phesi lake lili ndi mzere wakuda, limasonyeza matenda a Fusarium amene amatseka mitsempha ya madzi. Matendawa alibe mankhwala, ndipo amayenda kuchokera pa mtengo wina kupita pa unzake kudzera pa sowo ndi sizasi. N'chifukwa chake zida zodulira ziyenera kutsukidwa ndi kuviikidwa kwa mphindi zosachepera 5 m'madzi osakaniza gawo limodzi la bulichi ndi magawo atatu a madzi musanapite pa mtengo wina. Apa pakuonekeranso ubwino wodula masamba ouma okha. Odulira mitengo ena amasiya kanjedza ndi masamba ochepa oloza kumwamba ponena kuti akuoneka waukhondo kapena kuti mphepo isamugwetse, koma kudula kotere kumamulanda chakudya, kumasiya mtima pambalambanda, ndipo kumatsegula mabala ambiri nthawi imodzi. Ngati pali chifukwa chenicheni chodulira tsamba lamoyo, musadule lililonse limene laloza m'mwamba kupitirira mzere wopingasa wodutsa pamene masamba amayambira pamutu pa mtengo.

Fungo la mabala atsopano limakopanso anankafumbwe a kanjedza a mtundu wa Rhynchophorus. Wofiira, Rhynchophorus ferrugineus, anachokera kum'mwera kwa Asia n'kufalikira ku Middle East, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anafika m'maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean kumene wapha mitengo yambirimbiri ya Phoenix canariensis, pamene mu Africa muli wachibale wake, Rhynchophorus phoenicis. Mphutsi zawo zimadya m'kati mwa thunthu ndi mumtima mosaoneka, ndipo zizindikiro zake ndi mabowo m'munsi mwa mapesi, zinyenyeswa zonyowa zonunkha, masamba atsopano otuluka atadyeka, ndi mutu wa mtengo wopendekera mbali imodzi. Mutu ukagwa palibenso chochita koma kudula mtengowo ndi kuuphwanya kapena kuuwotcha kuti tizilomboto tisaulukire kwina, ndipo m'maiko amene kachilomboka kali pa mndandanda wa toopsa, muyenera kudziwitsa akuluakulu oona za umoyo wa zomera.

Chomaliza kuyang'ana ndi m'munsi mwa thunthu la mtengo wamkulu umene ukufota wonse popanda chifukwa chooneka. Mukapeza bowa wolimba atamera pathunthu, woyamba ngati kachotupa koyera kenaka n'kukula kukhala wophwatalala, wofiirira pamwamba ndi woyera kunsi, ameneyo ndi Ganoderma, ndipo pofika pamene akuonekera kunja amakhala atawoletsa kale m'kati mwa thunthu. Palibe mankhwala amene amamuchiza, ndipo mtengo wotere ukhoza kugwa mosayembekezereka, choncho ngati uli pafupi ndi nyumba kapena njira uyenera kudulidwa msanga. Chotsani bowayo n'kumumanga m'thumba asanafalitse njere zake, zulani chitsa ndi mizu yochuluka mmene mungathere, ndipo zidutswa za m'munsi mwa thunthu musazigwiritse ntchito ngati zophimbira nthaka. Popeza bowayu amatsalira m'dothi kwa nthawi yaitali, pamalo pamenepo musabzalenso kanjedza wa mtundu uliwonse, koma mtengo wa banja lina.